CALA, DISO KAPENA NKHOPE: MBONI ITI IYENERA KUKHULUPIRIKA?

M'mudzi mulibe munthu wofunsa mnzace kuti, Ndiwe yani? Mwana adziwa amace ndi kutsokomola kokha ali kuseri kwa nyumba. Mkazi azindikira mwamuna wace ndi mayendedwe akali patsidya pa dambo. Ndipo mwini munda akapeza cinangwa cace cazulidwa usiku, ayang'ana phazi pa dothi, nachula dzina la wakubayo dzuwa lisanakwere. Makolo athu anali nazonso mphini zao ndi ziwongo zao, kotero kuti mlendo anadziwika kumene acokera asanalonjeredwe. Koma pa minda ya tiyi, monga Satemwa, Naming'omba, Makandi ndi Nchima, sipatero iai. Mvula ikagwa, tiyi naphukira, minda ya ku Thyolo ndi ku Mulanje ilemba anthu ngati 50,000, ocokera ku midzi yosiyanasiyana, ambiri a iwo a miyezi yowerengeka yokha. Maina afanana, nkhope nzacilendo, ndipo kalaliki wolemba malipiro sakhoza kuwadziwa onse. Pamenepo funso lija lisanduka nkhani ya ndalama, ndiyo nkhani ya ufa wa ana madzulo.

Masiku ano funsoli aliyankha ndi makina. Alipo makina owerenga timizere ta pa cala, ena oyang'ana m'diso, ena oyesa nkhope, ena omvera liu, ndi enanso ounika mitsempha ya m'dzanja. Ambiri a ife tinakomana nao kale, pakuti mu 2017 bungwe la boma la National Registration Bureau, lothandizidwa ndi UNDP, linatumiza mabokosi 2,000 m'maboma onse, ndipo m'masiku 180 linalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 ndi kuposa, nilitenga zidindo za zala 10 ndi cithunzi ca nkhope ca munthu ali yense. Makina ang'onoang'ono a mtundu womwewo aoneka tsopano m'mabanki, m'maofesi ndi pa zipata za mafakitale. Ndipo malo olemba anthu ambiri ndiwo amene makina otere anapangidwira. Wogulitsa ali yense atama ace, monga acita ogulitsa matimati pa msika wa Bvumbwe. Cifukwa cace tifuna kuziyesa mbonizi imodzi imodzi, monga acita akuru pa bwalo. Ndipo tidzaziyesa ndi maso a mai wothyola tiyi, amene aimirira pa mzere wa sikelo dengu liri kumsana.

KUMENE NZERUYI INACOKERA

Mu 1858 Mngerezi wina wa boma ku Bengal, m'dziko la India, dzina lace William Herschel, anapangana ndi munthu wa komweko za zomangira mseu. Ndipo poopa kuti mnzaceyo angakane pambuyo pace, anamuuza kuti apake dzanja lace inki, nalidinde pa kalata ya pangano. Patapita zaka anayamba kudinditsa zala anthu olandira penshoni, kuti amoyo asamadye ndalama za akufa. Mu 1880 Henry Faulds, sing'anga wa misyoni wa ku Scotland wogwira nchito ku Tokyo, analemba kuti zidindo zosiyidwa pa zinthu zikhoza kugwiritsa mbala. Mu 1892 Francis Galton anaturutsa buku losonyeza kuti timizereti sitisintha moyo wonse; ndipo mu 1897 ku Calcutta, Edward Henry pamodzi ndi Amwenye awiri anzeru, Azizul Haque ndi Hem Chandra Bose, anakhazikitsa njira yosanja zidindo m'magulu, kuti cimodzi cipezeke msanga pakati pa zikwi zambiri.

Tisamale ciyambi cimeneci: wodinda anali wolamulidwa, wosunga kalata anali wolamula. Ndipo nzeruyi itafika ku Afrika inayenda njira yomweyo. Mu 1907 boma la Transvaal linalamula Amwenye onse kudinda zala, ndipo Gandhi ndi anzace anakana, natentha ziphaso zao ku Johannesburg mu 1908. Lamulo la 1952 linasenzetsa munthu wakuda ali yense wa ku South Africa buku la pasi, zidindo zace zitasungidwa ndi boma; anthu 69 anaphedwa ku Sharpeville mu 1960 potsutsa bukulo, ndipo silinathe kufikira 1986. Agogo athu opita ku Joni ndi Wenela anadinda nao zala asanatsike mgodi.

Kuno kwathu, m'masiku a thangata, limene linathetsedwa mu 1962, mboni ya wanchito inali tikiti. Kapitao anacongapo tsiku liri lonse, ndipo tikiti ikadzala munthu analandira za mwezi. Kubvuta kwace kunali kwakuti colembera cinali m'dzanja la kapitao: akati nchito ya lero siinakwane, tsikulo linatayika. Koma tikiti inali ndi ubwino umodzi umene sitiyenera kuuiwala: munthu anapita nayo kwao, naiwerenga yekha, naisonyeza kwa mnzace wodziwa kuwerenga.

UMO MAKINA ACITIRA

Ambiri aganiza kuti makina aona monga aona munthu, nadziwa. Sizitero. Munthu akaika cala pa galasi, makina afunafuna malo pamene kamzere kathera ndi pamene kagawika pawiri, nayesa kutalikirana kwa malowo, nasandutsa zonsezo manambala. Tsiku lina munthuyo akadzanso, makina atenga manambala atsopano, nawalinganiza ndi akale aja. Koma awiriwo safanana kotheratu, pakuti lero cala capendekeka, mawa canyowa, mkuja cacekeka ndi mpeni. Cotero makina sanena kuti, Ndi yemweyu. Angonena kuti, Afanana kufikira apa. Ndipo woika malire a kufananako ndi munthu. Diso ndi nkhope ziyesedwa momwemo.

Makina ali ngati mlonda wa pa cipata. Mukamuuza kuti akhale waukali, abweza mbala, koma abwezanso eni nyumba akadza atabvala cipewa cacilendo. Mukamuuza kuti afatse, eni nyumba alowa bwino, ndi mbala zomwe. Kulakwa kuli kuwiri: kulandira mlendo, ndi kukana mwini. Kulandira mlendo kupweteka thumba la mwini munda, pakuti alipira maina ongopeka. Kukana mwini kupweteka mimba ya wanchito. Ndipo popeza wogula makina ndiye mwini munda, sikubvuta kudziwa kumene malire adzapendekera ngati palibe womlankhulira wanchito.

Tiyeni tiwerenge monga ticita m'sukulu. Tiyerekeze munda wa anchito 2,000, ndi makina okana mwini kamodzi pa 100. Wogulitsa adzati makina ace akhoza 99 pa 100, ndipo sadzakhala wabodza. Koma m'mawa uli wonse anthu 20 adzaima pa cipata ngati alendo, ndipo kawirikawiri adzakhala omwewo, okalamba ndi a zala zakutha. Tiyerekezenso makina osokoneza anthu awiri kamodzi pa 1,000,000. Pa munda umodzi makina otere ngabwino ndithu. Koma akafunafuna munthu mmodzi m'kaundula wa anthu 9,000,000, adzapeza ofanana naye ngati 9. Ncifukwa cace boma linatenga zala zonse 10, pakuti cala cimodzi siciswa nsabwe. Tiphunzirapo kuti kufunsa makina kuti, Kodi uyu ndiye mwini khadi ili? nkwapafupi, koma kuwafunsa kuti, Uyu ndani mwa anthu onse? nkobvuta, ndi zolakwa zace nzocuruka.

MBONI YOYAMBA: CALA

Cala ciri ndi zabwino zambiri. Timizere tace tiumbika mwana akali m'mimba, ndipo ngakhale mapasa ofanana nkhope asiyana zala. Makina ace ngang'ono, ngotsika mtengo, sadya batire kwambiri, ndipo safuna kuti munthu adziwe kulemba dzina lace kapena kusunga manambala acinsinsi m'mutu. Dziko lathu linaona phindu lace. Pa njala ya ku Dowa mu 2006 ndi 2007, bungwe la Concern Worldwide pamodzi ndi banki ya Opportunity anagawa ndalama za cithandizo ndi makhadi otsegulidwa ndi cala, ndipo amai osapita ku sukulu analandira okha popanda wowalembera. Mu 2007 ophunzira atatu, Xavier Giné, Jessica Goldberg ndi Dean Yang, anayesa alimi a paprika oposa 3,000 a m'cigawo capakati ofuna ngongole ku Malawi Rural Finance Company. Magulu ena anadinda zala, ena sanadinde. Anapeza kuti alimi oyembekezeka kubweza bwino sanasinthe, koma okaikitsa aja anatenga ngongole zocepa, nasamala minda yao, nabweza koposa, podziwa kuti sangadzenso ndi dzina lina caka camawa.

Koma taonani dzanja la wothyola tiyi. Nsonga ya tiyi, masamba awiri ndi kamphukira, ithyoledwa ndi cala cacikuru ndi camkombaphala, ndizo zala zomwe makina akonda kufunsa. Zala zimenezi zigwira nsonga zikwi zambiri tsiku limodzi, m'mame ndi m'mvula. Khungu lisalala, lida ndi madzi a masamba, ling'ambika nthawi yacisanu. Wolima ndi khasu, woumba njerwa, womanga ndi simenti, wocapa zobvala tsiku lonse, onsewa timizere tao tifafanizika. Munthu akapumula timeranso, pokhapokha bala litalowa kwambiri. Koma waumphawi apumula liti? Ukalamba nao upepuza khungu. Ndipo anthu a ku Thyolo, okumbukira kuti ku Malamulo kunali mudzi wa odwala khate kuyambira zaka za m'ma 1920, adziwa kuti alipo anthu opanda zala, amene ali anthu ndithu. Cotero mboni imeneyi iri ndi cilema codabwitsa: idziwa bwino kalaliki wa manja ofewa, niiwala wogwira nchito yolimba. Ku India, kumene kaundula wa Aadhaar walemba anthu oposa 1 biliyoni, madandaulo otere anacuruka, a okalamba ndi aganyu obwezedwa pa malo olandirira cakudya; ndipo mu 2018 Bwalo Lalikuru la dzikolo, pobvomereza kaundulayo, linanena kuti woyenera cithandizo asamanidwe cifukwa makina alephera kumzindikira.

Cala cinamizikanso. Mu 2002 Tsutomu Matsumoto wa ku Yokohama anaumba zala zabodza ndi zopangira maswiti, nanyenga nazo makina 11 amene anayesa. Makina ena atsopano ayesa ngati cala ciri camoyo, koma ngokwera mtengo. Ndipo mu 2004, mabomba ataphulika m'sitima za pamtunda ku Madrid, apolisi a FBI anagwira loya wa ku America, Brandon Mayfield, namsunga masabata 2 cifukwa ca cidindo copezeka pa thumba. Pambuyo pace cinapezeka kuti cinali ca munthu wina, ndipo boma linapepesa. Ngati akatswiri a dziko lolemera analakwa cotero, kabokosi ka pa cipata kasadziyese kosalakwa.

MBONI YACIWIRI: DISO

Makina a diso sayang'ana kamwana ka m'diso, koma mkombero wozinga kamwanako, umene uli ndi timizere ndi timaenje tosawerengeka. John Daugman wa ku Cambridge ndiye anapeza masamu osandutsa mkomberowo manambala, nalandira kalata ya umwini wa nzeruyo mu 1994. Kwa ife a maso akuda mkomberowo uoneka ngati wopanda kanthu. Koma makina aunika ndi kuwala kofooka kosaoneka ndi maso, ndipo pamenepo zonse zioneka poyera. Kuwalako sikutentha, sikucotsa magazi, sikucepetsa kuona. Mphekesera zotere tizikane. Diso lamanja lisiyana ndi lamanzere, ndi la mapasa lisiyananso. Khasu silifika m'diso, tiyi salifafaniza. Ndipo pa kusasokoneza anthu awiri, diso liposa cala cimodzi kutali. Kumapeto kwa 2013 bungwe la UNHCR linayesera njira yace yatsopano kuno kwathu, pa msasa wa othawa kwao wa Dzaleka ku Dowa, nililemba anthu ngati 17,000 ndi zala, maso ndi nkhope pamodzi, lisanaitengere ku maiko ena.

Koma diso lifuna ulemu wace. Kamera yace njokwera mtengo. Munthu ayenera kuima osagwedezeka, nakweza zikope, pamalo opanda dzuwa lothobwa m'maso. Kuona maso a nkhono nkudekha. Koma pa sikelo palibe kudekha, pakuti masamba akacedwa kufika ku fakitale atentha m'matumba naonongeka. Wa diso lobvulala, kapena lokhala ndi cipsera coyera pamwamba pace, abvutika naco monga wa zala zakutha. Ndiponso kalembera wa 2017 sanatenge maso. Cotero wolemba anchito akafuna maso, ayenera kudzipangira kaundula wacewace, wosayang'aniridwa ndi anthu ambiri. Ku Kenya mu 2023 anthu anaima m'mizere yaitali ku Nairobi kuti kampani ya Worldcoin ijambule maso ao posinthana ndi ndalama za pa intaneti, kufikira boma linaimitsa nchitoyo m'mwezi wa August. Munthu wanjala agulitsa ngakhale cosaombola.

MBONI YACITATU: NKHOPE

Nkhope ndiyo mboni imene tonse tiikhulupirira cibadwire, ndipo pa cipata iri yofatsa koposa zinzace. Munthu sakhudza kanthu, satula dengu, sapukuta manja. Kamera ya foni wamba ikwanira. Iri ndi ubwino winanso waukuru: makina akakana, kalaliki akhoza kuyang'ana cithunzi ndi munthuyo, naweruza yekha, cimene sangathe kucita ndi manambala a diso.

Koma nkhope isintha. Ukalamba, matenda, njala, ndebvu, duku, cipewa, ndi mdima wa mbandakuca, zonsezi zisokoneza makina. Mapasa ndi abale a bere limodzi awasokoneza koposa. Ndipo makina ambiri anaphunzitsidwa ndi zithunzi za anthu oyera. Mu 2018 Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru anayesa makina a makampani atatu akuru pa nchito yapafupi yonena ngati nkhope iri ya mwamuna kapena ya mkazi: pa amuna oyera kulakwa sikunafike 1 pa 100, koma pa akazi akuda kunafika pafupifupi 35 pa 100. Mu 2019 bungwe la boma la America loyesa miyeso, la NIST, linayesa njira 189, nilipeza kuti zambiri zisokoneza nkhope za anthu a ku Afrika kakhumi, ngakhale kokwana 100, kuposa za Azungu. Mu January 2020 apolisi a ku Detroit anagwira munthu wakuda, Robert Williams, pakhomo pace ana ace akuona, namsunga maora ngati 30, cifukwa makina anamfanizira ndi wakuba mawoci. Kunena zoona, makina opambana aja anali ndi kusiyana kocepa, ndipo akonzedwabe caka ndi caka. Koma ofika ku midzi sakhala opambana nthawi zonse. Mai wothyola tiyi ndiye mkazi wakuda wobvala duku, woima pa mzere kusanace bwino. Ndiye amene makina otere amdziwa pang'ono mwa anthu onse.

Coopsa ceniceni ca nkhope nciri cina. Cala mupereka nokha, diso mutsegula nokha. Koma nkhope itengedwa muli kuyenda, osadziwa, osabvomera. Kamera yolemba olowa pa cipata ikhoza kulembanso amene anafika ku msonkhano wa bungwe la anchito, ndi amene anaima pafupi ndi wodandaula. Mboni yotere ikhoza kusanduka kazitape tsiku liri lonse, popanda kusintha waya ndi mmodzi yemwe.

LIU NDI MITSEMPHA

Za liu tinena mwacidule. Lithandiza pa foni, kumene munthu saoneka. Koma cimfine cilisintha, phokoso la fakitale lilimiza, ndipo makompyuta a masiku ano akhoza kutsanzira liu la munthu atangomva mau ace pang'ono. Mitsempha ya m'dzanja njolimba kuposa pamenepo. Mabanki a ku Japan anayamba kuigwiritsa nchito mu 2004: makina aunika m'kati mwa khungu, naona njira za magazi, zimene khasu silizifafaniza, ndipo sizitsalira pa kapu kapena pa citseko monga cidindo ca cala. Pa manja a wolima imeneyi ikadakhala mboni yabwino. Koma makina ace ngodula, ngosowa, ndipo salankhulana ndi kaundula wa boma.

Nkhani ya Isake, imene tonse tiidziwa, itiphunzitsa kanthu apa. Nkhalamba yosaona ija inali ndi mboni ziwiri zotsutsana: khutu linaloza kwa Yakobo, koma manja okutidwa ndi cikopa ca mbuzi analoza kwa Esau. Iye anakaika, koma anatsata manja, nanyengedwa. Mboni ziwiri ziposa imodzi pokhapokha woweruza adziwa kuima zikatsutsana, nafunsa wina.

WOSUNGA BUKU NDANI?

Mboni zonsezi ziri ndi cinthu cimodzi cofanana. Kiyi akatayika tisintha loko. Nambala yacinsinsi ikadziwika tisankha yina. Koma cala cikabedwa m'kompyuta sitimera cina. Mu 2015 mbala za pa intaneti zinaba zidindo za zala za anthu 5.6 miliyoni ku ofesi yosunga maina a anchito a boma la America, ndipo anthu amenewo adzakhala ndi zala zomwezo kufikira imfa. Kuno kwathu, kumayambiriro kwa 2024, makina a mapasipoti anaima masabata angapo, ndipo Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu oipa analowerera makinawo, nafuna dipo. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Khadi nalonso si munthu. Boma litayamba mu 2020 kugulitsa feteleza wotsika mtengo ndi ciphaso ca unzika, kunamveka za mavenda osonkhanitsa ziphaso za anthu osauka ndi ndalama zocepa. Ciphaso cinali coona, koma wocigwira anali wina. Cotero khadi lopanda thupi libwerekeka, ndi thupi lopanda khadi liumiriza makina kufunsa funso lobvuta lija.

Mu 2024 dziko lathu linalandira lamulo loteteza zinsinsi za anthu, loyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, limene lipatsa munthu ufulu wofunsa zimene asunga za iye, ndi kuti zolakwika zikonzedwe. Lamulolo nlabwino; koma lamulo losadziwika ndi anthu liri ngati nkhokwe yopanda makwerero.

CIWERUZO CATHU

Tsono tinene poyera umo tionera. Pa kaundula wa dziko lonse, kumene nchito iri yoletsa munthu mmodzi kulembetsa kawiri, zala 10 nzoyenera, ndipo diso likadaonjezedwa likadathandiza a zala zakutha. Pa cipata ca munda ndi pa sikelo, coyenera ndi khadi pamodzi ndi cala, kuti makina afunse funso lapafupi lokha; ndipo polembetsa atenge zala zingapo, makamaka zosathyola tiyi, kuti cimodzi cikakana cinzace cibvomere. Diso ndilo loona koposa, koma mtengo ndi kucedwa kwace ziliyenereza malo ocepa, monga polipira ndalama zambiri. Nkhope ikhale cithunzi ca pa khadi, coyang'anidwa ndi munthu. Koma kamera yoima pa cipata yojambula odutsa onse sitiibvomereza, ngakhale ikhale yosalakwa. Liu tilisiye kwa a mafoni.

Koma makina ali onse amene asankhidwe, pali zinthu 5 zimene anchito ayenera kupempha asanadinde. Coyamba, makina akakana munthu, pakhale buku ndi mboni ziwiri zamoyo, kuti tsiku lace lisatayike. Munthu asabwezedwe kwao cifukwa ca galasi lonyowa kapena batire lakutha. Caciwiri, maina a okanidwa kawirikawiri awerengedwe mwezi ndi mwezi, pakuti pamenepo ndipo padziwika ubwino wa makina, osati pa pepala la wogulitsa. Cacitatu, wanchito alandire kapepala kacekace kosonyeza masiku ndi makilogalamu ace, monga tikiti ija yakale. Pakuti makina anena kuti munthu ndi yani, koma sanena ngati sikelo iri yoona, ndipo mkangano ukabuka mboni isakhale m'dzanja la mbali imodzi. Cacinai, auzidwe m'cinenero cace kumene zidindo zace zisungidwa, amene akhoza kuziona, ndi kuti sizidzaperekedwa kwa olemba anchito ena kuti amtsekere njira. Cacisanu, nchito ikatha, zidindo zace zifafanizidwe.

Zimenezi sizifuna ndalama zambiri, ndipo mwini munda woona mtima sataya nazo kanthu, pakuti iyenso apindula anchito akakhulupirira sikelo yace. Malo ozikambira alipo: mu 2016 bungwe la eni minda la Tea Association of Malawi ndi bungwe la anchito la PAWU anasainirana pangano lao loyamba la malipiro, ndipo pa mphasa yomweyo akhoza kukambirana za makina. Inu aphunzitsi ndi akuru a m'midzi odziwa kuwerenga, fotokozerani anzanu zinthu izi, makamaka okalamba, amene makina akawakana aganiza kuti colakwa ciri mwa iwo, nabwerera kwao mwakacetecete. Auzeni kuti zala zakutha ndi nchito siziri zocititsa manyazi, ndi kuti ali nao ufulu woitana kalaliki kuti alembe dzina lao ndi dzanja. Safunsa anadya phula; tsono pamene kabokosi kafika pa cipata, funsani mafunso asanuwa cala cisanakhudze galasi.